Funsani Mlangizi: Kutchera Kutentha pa Vape ndi Manambala a Waya

Makalata ambiri amene tawalandira mwezi uno akukhudza ndudu zamagetsi, zimene anthu amangoti vape, makamaka zija zikuluzikulu zokhala ndi kagalasi koonetsa manambala ndi mabatani osinthira mphamvu. Olemba onse ndi akuluakulu amene akugwiritsa kale ntchito zipangizozi kapena akukhala ndi wina amene amatero, ndipo mayankhowa talembera iwowo. Amene sasuta, komanso aliyense wosakwana zaka 18, alibe chifukwa choti ayambire.

Funso: Zikomo a Mlangizi. Ndinasiya ndudu chaka chatha ndipo ndinagula vape ya mabatire awiri kuno kumene ndimagwira ntchito. Ndimaigwiritsa ntchito pa mawati okha, koma ndikamasinthasintha pamatuluka zilembo zakuti TC-Ni, TC-Ti, TC-SS ndi TCR. Wogulitsa anangondiuza kuti zimenezo n'zoletsa thonje kupserera. Kodi chipangizochi chimadziwa bwanji kutentha kwa koilo, popeza nditamasula thanki sindinaonemo choyezera chilichonse? *Bambo wa ku Johannesburg*

Yankho: Bambo, simunaone choyezera chifukwa chakuti mulibemo. Chipangizo chanu sichiyeza kutentha kwa koilo, kawaya kopota kamene kamatenthetsa madzi a vape, koma chimakuwerengetsa kuchokera ku chinthu china chimene chingathe kuyeza, ndipo mukamvetsa mfundo imeneyi, mafunso ena onse a m'tsamba lino akhala osavuta.

Waya aliyense amakaniza magetsi kudutsa mwa iye pa mlingo winawake. Mlingo umenewo ndiwo resistance, ndipo umayezedwa m'ma ohm. Zitsulo zina zili ndi khalidwe lakuti zikamatentha resistance yake imakwera, ndipo imakwera mwadongosolo lodziwika, kotero kuti munthu akadziwa resistance ya waya ali wozizira, n'kudziwanso kuti wayayo amakwera motani pa digiri iliyonse, angathe kunena kutentha kwake pongoona ma ohm. Izi n'zimene kabolodi ka mkati mwa vape yanu kamachita. Mukadina batani, kamayeza resistance ya koilo kambirimbiri pa sekondi imodzi, n'kuiyerekeza ndi ya poyamba ija, ndipo kakaona kuti yafika pa mlingo wogwirizana ndi madigiri amene munatchera, kamachepetsa magetsi. Ntchito yake ikufanana ndi ya simbi yamagetsi imene imadzizimitsa yokha ikatentha mokwanira n'kuyakanso ikazizirako, kungoti simbi ili ndi kachitsulo komvera kutentha, pamene vape imadalira masamu okha.

Nambala yosonyeza kukwera kwa resistance pa digiri iliyonse ndiyo TCR, ndipo chitsulo chilichonse chili ndi yake. Waya wa nickel, amene amalembedwa Ni200, ali ndi TCR ya pafupifupi 0.006, wa titanium ali ndi pafupifupi 0.0035, ndipo chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa SS316L chili ndi pafupifupi 0.00092. TC ndi chidule cha temperature control, kutanthauza kutchera kutentha, ndipo mukasankha TC-Ni, TC-Ti kapena TC-SS, mukungouza chipangizocho kuti chigwiritse ntchito imodzi mwa manambala amenewa, amene kampani inasungiramo kale. Mukasankha TCR, mukuchiuza kuti nambalayo mulemba nokha.

Njira imeneyi inatchuka mu 2014, pamene kampani ya Evolv ya ku Ohio m'dziko la America inatulutsa kabolodi kotchedwa DNA 40, komwe kankagwira ntchito ndi waya wa nickel. Mu 2015 makampani a ku China monga YiHi ndi Joyetech anatulutsa zawo, ndipo titanium ndi chitsulo chosachita dzimbiri zinatsatira. Lero anthu ambiri amene amatsatira njirayi amakonda SS316L, chifukwa ndi waya yekhayo mwa atatuwa amene angagwiritsidwe ntchito pa TC komanso pa mawati wamba.

Mawati samachoka mukalowa mu TC, koma ntchito yawo imasintha. Amakhala malire a mphamvu imene chipangizo chingagwiritse ntchito pothamangira ku madigiri amene mwatchera. Akachepa kwambiri koilo siifika n'komwe pa kutentha kumeneko, ndipo akachuluka mopitirira muyeso koilo imafikapo mwadzidzidzi, magetsi n'kumaduka n'kumabwerera, nthunzi n'kumatuluka modukizaduka. Yambani ndi mawati amene mumagwiritsa ntchito masiku onse pa koilo yoteroyo. Za madigiri, zipangizo zambiri zimalola kuyambira 100 mpaka 315 a Celsius, amene ndi 200 mpaka 600 a Fahrenheit. Yambirani pa 200 a Celsius n'kumawonjezera asanuasanu mpaka nthunzi ikukhutiritseni. Ambiri amaima pakati pa 200 ndi 250. Onetsetsani chilembo chimene chili patsogolo pa nambala, pakuti 300 F ndi kutentha kochepa kosatulutsa nthunzi yokwanira, pamene 300 C ndi moto wopsereza thonje.

Funso: A Mlangizi, ine ndimamanga ndekha makoilo a SS316L ndipo ndimatchera pa madigiri 220 nthawi zonse. Chodabwitsa n'chakuti masiku ena nthunzi imakhala yabwino, masiku ena imanunkha chopserera, ndipo nthawi zina pagalasi pamangolembedwa kuti kutentha kwakwana ndisanakoke n'komwe. Kodi chipangizo changa chawonongeka? *Wowerenga wa ku Nsanje*

Yankho: Achimwene, sindikukhulupirira kuti chawonongeka. Zimene mwafotokozazi ndi zizindikiro zodziwika za chipangizo chimene chapatsidwa resistance yolakwika ya koilo yozizira, ndipo ndikufuna tiwerengetse limodzi kuti muone kuchepa kwa cholakwa chimene chimabweretsa mavuto aakulu chotere.

Tiyerekeze kuti koilo yanu ili ndi ma ohm 0.50 pa madigiri 20. Kuti ifike pa 220 iyenera kukwera ndi madigiri 200, ndipo 200 tikachulukitsa ndi 0.00092 tipeza 0.184, kutanthauza kuti resistance ikwera ndi magawo 18.4 pa 100 alionse, n'kufika pa ma ohm 0.592. Ulendo wonse wa kuchokera pozizira kufika potentha ukukwana m'ma ohm 0.092 okha. Choncho chipangizo chikalakwitsa ndi 0.01 yokha, chalakwitsa ndi madigiri pafupifupi 22, ndipo ngati koilo yanu ili ya 0.25, cholakwa chomwecho chimafika pa madigiri oposa 40. Kasikuluwu kamodzi kosamangitsa, kapena timadzi touma pa polumikizira thanki ndi chipangizo, pamene pamatchedwa 510, n'zokwanira kubweretsa kusiyana kotereku.

Cholakwa chofala kwambiri ndicho kukhoma resistance koilo ikadali yofunda. Munthu amamanga koilo, amaiyatsa kuti aone ngati ikutentha mofanana, amalowetsa thonje, kenako amapita mu TC pasanathe mphindi imodzi. Ngati koiloyo inali idakali pa madigiri 60, chipangizo chimatenga resistance yokwera kale ija ngati ya pa madigiri 20, ndipo kuyambira pamenepo chimaona ngati koilo ili yozizira kuposa mmene ilili. Mukatchera 220 chimakankha magetsi mpaka koilo itafika pa madigiri oyandikira 267, galasi likuonetsabe 220 yomweyo. Ku waya wa nickel cholakwa chomwechi chingafikitse koilo pafupi ndi 300. Apa ndi pamene fungo lopserera likuchokera.

Vuto linalo, la chipangizo chodula magetsi musanakoke, limachokera mbali inayo. Resistance yoyambira inalembedwa bwino, koma pambuyo pake sikuluwu yamasuka kapena polumikizira pada, resistance yonse yakwerako pang'ono, ndipo chipangizo chikuganiza kuti kukwerako kwabwera ndi kutentha. Chimadziteteza pachabe, inu n'kumakoka mpweya wopanda kanthu.

Pali chinanso chimene chikukhudza inuyo makamaka. Zipangizo zambiri zimangotenga kuti pamene mukukhoma resistance, chipinda chili pa madigiri 20 kapena kuyandikira pamenepo. Ku Chigwa cha Shire m'mwezi wa Okutobala masana amapitirira madigiri 35 mosavuta, ndipo thanki imene yakhala m'thumba la buluku kapena pa windo imakhala yotentha kuposa pamenepo. Mukakhoma nthawi yoteroyo, koilo izitentha madigiri 15 mpaka 20 kuposa zimene zalembedwa pagalasi. Munthu wa ku Dedza wokhoma m'mawa wa Julaye amakumana ndi zosiyana: koilo yake imakhala yozizirako kuposa mmene galasi likunenera. Mabolodi ena, monga a DNA, ali ndi kachoyezera kawo koonera kutentha kwa chipangizo chenichenicho ndipo amayesetsa kukonza kusiyanaku, koma ngakhale amenewo amafuna kuti thanki ndi chipangizo zikhale zitakhala malo amodzi kwa nthawi.

Chitani motere. Mangani koilo yotalikirana mizere, kuti mzere usakhudzane ndi unzake, chifukwa mizere yogundana imasintha resistance nthawi iliyonse ikatentha n'kuzizira. Miyendo ya koilo ikhale yaifupi ndi yofanana. Mangitsani masikuluwu, ndipo muwamangitsenso mutayatsa koyamba, pakuti waya akatentha amakhazikika. Pukutani pa 510 ndi kansalu kouma. Kenako siyani thanki ndi chipangizo pamthunzi m'nyumba kwa mphindi zosachepera khumi ndi zisanu, makamaka m'mawa kapena madzulo, musanakhome resistance. Chipangizo chikakufunsani ngati koilo ndi yatsopano kapena ndi yomwe ija, musavomere kuti ndi yatsopano pamene mwangomasula thanki yofunda kuti muthiremo madzi. Lembaninso penapake nambala imene mwakhoma. Tsiku limene nthunzi yasintha, yerekezani nambalayo ndi imene chipangizo chikuwerenga koilo itazizira, ndipo mudzadziwa ngati vuto lili pa masikuluwu kapena kwina.

Funso: Moni a Mlangizi. Ndine mmisiri wa zamagetsi ndipo ndimakonda kumvetsa zimene ndikugwiritsa ntchito. Ndili ndi chipangizo cha DNA, ndipo nditachilumikiza ku kompyuta ndinaona kuti m'malo mwa nambala imodzi ya TCR muli mzere wokhota wotchedwa TFR. Kusiyana kwake n'kotani? Ndipo ndingadziwe bwanji kuti nambala imene ndalemba ikugwirizanadi ndi waya amene ndinagula? *Mmisiri wa ku Lilongwe*

Yankho: Amisiri, funso lanu lafika pa mtima penipeni pa nkhaniyi. TCR imanena kuti resistance imakwera mofanana pa digiri iliyonse, kuti digiri ya pakati pa 20 ndi 21 ikuwonjezera chimodzimodzi ndi ya pakati pa 250 ndi 251. Mukajambula zimenezi papepala mumapeza mzere wowongoka. Koma zitsulo sizitsata mzere wowongoka ndendende. Nickel akamatentha kwambiri resistance yake imakwera mofulumirirapo, mzere wake n'kumakhotera m'mwamba, mpaka pa madigiri oyandikira 358 pamene amaleka kukokedwa ndi maginito ndipo khalidwe lake limasinthanso. Chitsulo chosachita dzimbiri chimachita mosiyana, kukwera kwake kumachepako pang'ono pamene chikutentha. Nambala imodzi ya TCR ndi pakatikati chabe pa kusinthasintha kumeneku, yosankhidwa kuti ikhale yolondola kwambiri m'dera la madigiri amene anthu amasutira.

TFR ndi ndandanda wa manambala awiriawiri: kutentha, ndi kuchuluka kwa resistance pa kutentha kumeneko poyerekeza ndi ya waya wozizira. Mu pulogalamu ya EScribe, imene Evolv inapanga yotchera mabolodi ake, poyambira ndi madigiri 70 a Fahrenheit, pafupifupi 21 a Celsius, ndipo pamenepo nambala imakhala 1. Mizere ina ya ndandandayo imanena kuti pa madigiri akuti resistance yachuluka kangati, ndipo chipangizo chimalumikiza madontho amenewa n'kupeza mzere wokhota uja. Ndandanda woterewu umalowetsedwa ngati fayilo ya CSV, ndipo chida cha pa intaneti chotchedwa Steam Engine chimatulutsa mafayilo otere a mawaya osiyanasiyana. Eni zipangizo zina za Joyetech, Eleaf ndi Wismec amapezanso mwayi wa TFR akaikamo pulogalamu ya ArcticFox m'malo mwa imene inabwera ndi chipangizo, ngakhale kuti kutero kumafuna kusamala, pakuti fayilo yosayenera ingalepheretse chipangizo kuyaka.

Maganizo anga ndi akuti kwa munthu wogwiritsa ntchito SS316L pakati pa madigiri 200 ndi 250, phindu la TFR ndi lochepa poliyerekeza ndi zolakwa zimene ndafotokozera achimwene a ku Nsanje. Mzere wokhota ungakonze madigiri ochepa, pamene sikuluwu yomasuka ingawononge makumi anayi. Kwa nickel, amene mzere wake umakhota kwambiri, TFR ili ndi ntchito yooneka. Koma mzere uliwonse, ngakhale wolondola chotani, ndi wa chitsulo chimene unapangidwira. SS316L ndi chisakanizo cha chitsulo, chromium wa magawo 16 mpaka 18 pa 100, nickel wa magawo 10 mpaka 14, ndi molybdenum wa magawo 2 mpaka 3, ndipo popeza malire amenewa ndi otakasuka, mawaya awiri a dzina limodzi ochokera m'mafakitale osiyana angasiyane pang'ono. SS304 ili ndi TCR yokwererapo, yopitirira 0.001 pang'ono, ndipo SS430 ili pafupifupi pa 0.0014. Waya wogulitsidwa wopanda chizindikiro chodalirika sayenera kukhulupiriridwa kufikira atayesedwa.

Musanayese, dziwani mbali imene cholakwa chimagwera. Mukalemba TCR yokwera kuposa ya waya wanu, koilo imatentha kuposa zimene galasi likunena. Mukalemba yotsika, chipangizo chimadula magetsi msanga. Mwachitsanzo, waya wa 0.00092 mukamulembera 0.00120 n'kutchera 220, chipangizo chidikira kuti resistance ikwere ndi magawo 24 pa 100, ndipo wayayo amafika pamenepo ali pa madigiri oyandikira 280. Ndamvapo anthu akulangizana kuti nthunzi ikachepa azikweza TCR. Nthunzi imachulukadi, koma chimene achita n'kunamiza chipangizo chawo, ndipo nambala ya pagalasi yatha ntchito. Ngati mukufuna nthunzi yotentherapo, kwezani madigiri, kuti muzidziwa pamene muli. Samalaninso kalembedwe, chifukwa zipangizo zina zimafuna 0.00092 yonse, zina zimafuna 92 yokha, ndipo zina 920. Onani nambala imene kampani inaikira nickel kapena titanium kuti mudziwe njira imene chanu chimatsata.

Mayeso alipo awiri amene mungachite kunyumba, onse pa koilo yomanga nokha, chivundikiro chitachotsedwa, ndipo osakoka nthunzi yake. Oyamba ndi a thonje louma. Lowetsani thonje losanyowa m'koilo, khomani resistance koilo ili yozizira, tcherani madigiri 215, amene ndi pafupifupi 420 a Fahrenheit, ndipo dinani batani kwa masekondi angapo pa mawati ochepa. Thonje liyenera kutuluka loyera kapena litangofiirira pang'ono. Likada kapena kufuka, koilo ikutentha kuposa zimene chipangizo chikuganiza. Achiwiri ndi a madzi, ndipo akukuyenerani inu chifukwa EScribe imaonetsa kutentha pa kompyuta pamene mukudina batani. Nyowetsani thonje ndi madzi oyera, tcherani madigiri okwera ndi mawati ochepa, ndipo yang'anani pamene mzere wa kutentha ukuima madzi akamawira. Uyenera kuima pafupi ndi mlingo wowirira madzi, kapena pamwamba pake pang'ono popeza waya amatentha kuposa madzi omuzungulira. Kumbukirani kuti madzi amawira pa 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere mokha. Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 ndipo madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97, pamene ku Johannesburg, pa mamita pafupifupi 1,750, amawira pa 94. Mukaona 130 kapena 70, nambala imodzi mwa ziwiri zija, TCR kapena resistance yoyambira, ndi yolakwika.

Pomaliza pa funso lanu, chipangizo chimaona resistance ya koilo yonse pamodzi, choncho kutentha kumene chimakuuzani ndi kwa pakatikati. Mzere umodzi wa koilo ukhoza kufiira pamene ina ili yozizira, nambala n'kumaoneka yabwinobwino. Mukaika makoilo awiri osafanana, imodzi ikhoza kupsereza thonje inzake isanatenthe. N'chimodzimodzi ndi mawaya opota a mtundu wa clapton amene mkati mwake muli chitsulo china, kunja china: palibe TCR ya m'buku imene imawayenera.

Funso: Ndimagula makoilo opangidwa kale. Ndikaika pa TC-SS chipangizo chimabwerera chokha pa mawati. Ndalakwitsa pati? *Mayi wa ku Blantyre*

Yankho: Mayi, werengani zimene zalembedwa m'mbali mwa koiloyo kapena pa bokosi lake. Makoilo ambiri a m'sitolo, makamaka a mesh, aja ooneka ngati kasefa, amapangidwa ndi Kanthal kapena nichrome, amene amalembedwa KA1 kapena Ni80. Resistance ya Kanthal siisintha kwenikweni akatentha, ndipo ya nichrome imasintha pang'ono kwambiri, kotero chipangizo chikadikira kukwera kumene sikukubwera, chimazindikira kuti waya si wa TC n'kubwerera pa mawati. Chachita bwino potero. Musasokoneze Ni80 ndi Ni200. Zilembo zikufanana koma mawayawo ndi osiyana kutalitali. Ngati pa koilo sipanalembedwe SS316L, Ti kapena Ni200, igwiritseni ntchito pa mawati amene kampani yalemba pamenepo, ndipo musalole madzi kutha m'thanki.

Funso: A Mlangizi, amuna anga anasuta ndudu kwa zaka zambiri ndipo tsopano ali pa vape. Akuti popeza amagwiritsa ntchito TC, palibenso choopsa chilichonse, ndiye amasuta ngakhale pabalaza ana ali pomwepo. Ine mtima sukundikhazikika. Ndiuzeni zoona. *Mayi wa ku Manchester*

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ili ndi maziko, ndipo amuna anu anena zoona pang'ono zokha. Ndifotokoze mbali imene akulondola. Madzi a vape amapangidwa makamaka ndi propylene glycol, amene amawira pa madigiri pafupifupi 188, ndi glycerine, amene amawira pa 290. Madziwa akatenthedwa mopitirira muyeso, makamaka thonje likauma koilo n'kupitiriza kuyaka, amasweka n'kutulutsa mankhwala oipa monga formaldehyde, acetaldehyde ndi acrolein. Mu Januwale 2015 akatswiri a pa Portland State University ku America analemba m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine kuti pa mavoti 3.3 sanapeze mankhwala otulutsa formaldehyde mu nthunzi, koma pa mavoti 5.0 anawapeza ochuluka. Akatswiri ena anatsutsa kuti kutentha koteroko kumatulutsa fungo lopserera limene munthu sangapirire kukoka, koma mbali zonse zinagwirizana pa mfundo yakuti kutentha kukakwera, mankhwala oipawo amachuluka. TC yotcheredwa bwino imachepetsa magetsi thonje likayamba kuuma, ndipo m'njira imeneyo imathandizadi.

Ntchito yake imathera pomwepo. TC siichotsa chikonga m'madzi a vape, ndipo chikonga ndicho chimamanga munthu kuti asaleke, chimathamangitsa mtima ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, komanso n'choopsa kwa mwana wosabadwa ndi kwa achinyamata amene ubongo wawo ukukulabe. TC siichotsa tizidutswa ting'onoting'ono ta mu nthunzi kapena mankhwala okometsera fungo. Ndipo monga mwaonera m'mayankho a pamwambapa, nambala ya pagalasi ikhoza kunena 220 koilo ili pa 270, mwini wake osadziwa.

Achipatala a NHS, bungwe la boma loona zaumoyo ku Britain kumene mukukhalako, amanena kuti vape ili ndi zoopsa zochepa kuposa ndudu kwa munthu amene wasiyiratu ndudu, koma amanenanso momveka kuti siyopanda vuto ndipo si ya ana kapena anthu osasuta. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limachenjeza mwamphamvu kuposa pamenepo. Choncho amuna anu ayamikiridwe posiya ndudu, pakuti si chinthu chapafupi, koma azisutira panja, kutali ndi ana. Mabotolo a madzi a vape aziwatsekera pamalo pamene mwana sangafike, chifukwa mwana wamng'ono akamwa madzi a chikonga moyo wake umakhala pachiswe, ndipo zikachitika muthamangire naye kuchipatala ndi botolo lomwelo. Malamulo a ku Britain salola chikonga choposa mamiligalamu 20 pa mililita imodzi m'madzi ogulitsidwa, ndiye botolo lopanda chizindikiro kapena lolembedwa mlingo woposa umenewo lisalowe m'nyumba mwanu. Ngati iwo ali ndi mtima wofuna kudzasiyiratu chikonga, thandizo la osiya kusuta limaperekedwa kwaulere kumeneko, ndipo alangizi ake amathandiza kutsitsa mlingo pang'onopang'ono.

Funso: Koilo yanga ya titanium yada ndi zotsalira za madzi. Mnzanga akuti ndichotse thonje n'kuiyatsa mpaka ifiire ngati khala kuti zonyansazo zipse. Kodi nditero? *Wowerenga wa ku Chipata*

Yankho: Ayi, musatero. Njira imene mnzanuyo akunena ndi ya Kanthal ndi nichrome. Titanium akafiira amagwirizana ndi mpweya n'kupanga ufa woyera kapena wotuwa pamwamba pake, umene simufuna kuti ulowe m'mapapo mwanu, ndipo waya woonda wa titanium akatenthedwa kwambiri angathe kuyaka ndi moto wowala wovuta kuzimitsa. Nickel nayenso sayenera kufiiritsidwa, ndipo n'chifukwa chake mawaya awiriwa sagwiritsidwa ntchito pa mawati wamba ngakhale kamodzi. Koilo ya titanium kapena ya nickel ikada, chotsani thonje, itsukeni ndi madzi ofunda ndi kamswachi kofewa, iumitseni, ndipo ikapanda kuyera mangani ina, popeza mtengo wa waya ndi wochepa. Mukaona ufa woyera pa titanium, itayeni osaganizanso kawiri. SS316L ingayatsidwe pang'onopang'ono pa mawati ochepa mpaka kufiira kongoyamba kuoneka m'chipinda chamdima, koma osapitirira apo, pakuti kutentha kwambiri kumawononga khungu la chitsulocho.

Ngati m'tsogolo mudzayesa nickel, dziwani kuti ndi waya wofewa amene amaduka mosavuta pansi pa sikuluwu, komanso resistance yake ndi yochepa kwambiri, nthawi zambiri pakati pa ma ohm 0.1 ndi 0.2 pa koilo imodzi. Koilo yotere isaikidwe pa chipangizo chopanda bolodi, chija chimalumikiza batire ku koilo mwachindunji, chifukwa ingakoke magetsi oposa amene batire la vape la mtundu wa 18650 lingapirire, ndipo batire likatentha mopitirira limaphulika. Amene khungu lawo limatupa akavala ndolo kapena wotchi ya nickel apewe wayayu, ndipo akumbukire kuti SS316L nayo ili ndi nickel mkati mwake. Mukatsuka koilo n'kuikamo thonje latsopano, mangitsaninso masikuluwu, dikirani kuti zonse zizizire, kenako khomaninso resistance, pakuti kutsukako kumaisuntha pang'ono.